Chiphaso cha Masiku Atatu

Ntchito yanga ku ofesi ya ziphaso inali yomasulira, koma ndikanena zoona inali yonama. Munthu akabwera ndi mawu oyaka moto, ine ndinkawathira madzi asanafike m'makutu a mzungu. Wina akati, "Lamulo lanuli n'lopusa," ine ndinkauza bwana kuti bamboyu akupempha kuti mumumvere chisoni. Omasulira tonse tinkatero, ndipo tinkadzitama kuti tikupulumutsa anthu ku chikoti. Dzina langa ndine Kingsford. Chingerezi ndinaphunzira ku mishoni, ndipo masiku amenewo ndinali ndi jekete limodzi loyera limene ndinkalilemekeza kuposa amalume anga.

Chinali chaka chachiwiri njanji itafika ku Limbe. Boma linali litakhwimitsa lamulo la alendo. Aliyense wochokera ku dziko la Apwitikizi ankayenera kuonekera ku ofesi kwathu ku Blantyre, n'kunena dzina lake, kwawo, chimene wadzera, masiku amene akhale, ndi munthu womuimira. Wodzalima m'minda ya azungu sankavutika, chiphaso chake chinkatuluka asanakhale n'komwe pansi. Koma wodzaona abale ankapatsidwa masiku atatu basi. Wodinda ziphasozo anali mzungu wachinyamata wa khosi lofiira, amene tinkamutcha Bwana Chidindo. Anali atangotha zaka ziwiri m'dziko muno, koma ankanena za malire ngati anawalima yekha ndi khasu.

Lolemba lina m'mawa munalowa mayi wina wa ku Mpingwe, dzina lake Halimatu, amene ankagulitsa mchere ndi fodya pafupi ndi siteshoni ya Limbe. Pambuyo pake panali bambo wamtali wa imvi, wovala mkanjo wofumbira, mapazi ake ali ming'alu yokhayokha ndi ulendo.

"Awa ndi achimwene anga, a Mikaili," anatero Halimatu. "Amayi athu anatisiya mwezi wathawu. Lachisanu likubwerali akwanitsa masiku makumi anayi, ndiye tili ndi sadaka. Achimwenewa ndiwo mwini mbumba. Popanda iwo palibe womasula mtolo wa nsalu za amayi, palibenso wouza mbumba amene akhale pamalo pawo."

Mikaili anabadwira m'tsinde mwa phiri la Mpingwe. Ali mnyamata anatsika ndi amtengatenga kupita ku Kilimane, m'dziko la Apwitikizi, nthawi imene munthu ankawoloka mtsinje wa Ruo osafunsidwa ndi wina aliyense koma ng'ona. Anakwatira komweko, n'kukhala zaka makumi awiri ndi zisanu. Malire anajambulidwa iye ali kumeneko, ndipo pobwerera anapeza kuti wasanduka mlendo pakhomo pa amake.

Bwana Chidindo anafunsa amene akumuimira.

"Ine," anatero Halimatu.

Bwana anaseka. Anati womuimira ayenera kukhala mzungu womulemba ntchito kapena mwini sitolo, osati mkazi wogulitsa mchere pansi pa mtengo. Kenako anaonetsa chifundo chake chachizolowezi. Anati ngati mkuluyu adinda chala kuti alima miyezi isanu ndi umodzi kumunda wa thonje, akhale mpaka atatopa. Apo ayi, masiku atatu, ndipo Lachinayi m'mawa akhale ali panjira.

Nditamasulira, Halimatu sanakweze mawu. Anangoyandikira tebulo.

"Muuzeni kuti achimwene anga sanayende masabata awiri kudzalimira mwana wa eni thonje. Mchombo wawo unakwiriridwa ku Mpingwe iye asanabadwe. Nanga wake uli kuti? Ife tinamufunsa chiphaso potsika m'ngalawa?"

Ine ndinakonza jekete langa n'kutembenukira kwa bwana. "Mayiwa akuthokoza kwambiri," ndinatero m'Chingerezi, "koma akupempha masiku ena awiri."

Bwana anapukusa mutu, chidindo n'kugwa papepala. Mikaili analandira chiphasocho ndi manja awiri. Koma Halimatu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A Kalaliki, Chingerezi sindichimva, koma makutu ndili nawo. Mawu anga anali aatali, anu afupika. Enawo mwameza?"

Manyazi anandigwira tsiku lonselo.

Lachinayi linafika n'kudutsa, Mikaili osabwera kudzabweza chiphaso. Lachisanu m'mawa Bwana Chidindo anapsa mtima. Anati apita iye mwini kukamugwira pamaso pa anthu ake, kuti onse a ku Limbe adziwe kuti pepala la boma si tsamba lokulungira fodya. Anakwera machila. Anatenga amesenjala anayi, mkulu wawo ali Sidiki, munthu wa ndevu zosamalika amene anali asanakanepo lamulo chilowereni ntchito. Ine ndinkatsatira pambuyo, fumbi lonse likuthera pa jekete langa.

Pali chinthu chimodzi chimene bwana sanachiganize, ndipo ine, ngakhale ndinachiona tisanadutse n'komwe Chichiri, ndinatseka pakamwa. Amesenjala onse anayi anali Asilamu. Onyamula machila nawonso anali Asilamu a ku Limbe konko. Bwana ankawadziwa ndi manambala a pa malamba awo, zina zonse sankazifuna.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Nyumba ya Halimatu inali ndi mpanda wa udzu, ndipo mkati munali anthu osawerengeka, amuna uku akazi uko, shehe akutsogolera mapemphero. Fungo la mpunga ndi nyama ya mbuzi linatilandira tili kutali. Pa sadaka sabweza munthu. Kaya ndi m'bale, kaya wodutsa m'njira, amalonjeredwa pakhomo, amanena kuti ndi mwana wa yani, amasamba m'manja, n'kulowa kukakhala pamphasa. Ndipo amene wadya mpunga wa malemu sagwira munthu wa pakhomopo tsiku limenelo, pokhapokha ngati akufuna kuti sadaka ya amake idzakhale ya agalu.

Pakhomo la mpandawo panaima Halimatu, ketulo ya madzi kudzanja lamanja, beseni lili pansi. Sanasunthe machila atatsitsidwa.

"A Kalaliki, mwabwera," anatero. "Lero mumasulire zonse. Mukameza limodzi ndidziwa."

Bwana anandiuza kuti ndimuuze achoke pakhomo.

"Muuzeni kuti pano ndi pakhomo panga, ndipo mlendo salowa chilowelowe. Iyenso amatero ku ofesi kwake. Ayambe ndi dzina. Ndi mwana wa yani?"

Mawu ofewa anali okonzeka kale pa lilime, monga mwa masiku onse. Ndinayang'ana mkati mwa mpanda n'kuona Mikaili atakhala pafupi ndi shehe, mtolo wa nsalu uli patsogolo pake, usanamasulidwe. Sindidziwa chimene chinandilowa. Mwina ndinangotopa ndi kumeza. Ndinamasulira mawu aja monga anatulukira, osachotsa ngakhale limodzi.

Bwana anayang'ana ine, osati Halimatu. Khosi lija linafiira kufika m'makutu. "Muuze kuti ine ndine boma," anatero.

"Ine ndafunsa dzina limene amake anamupatsa," anayankha Halimatu. "Chabwino, alibe. Kwawo n'kuti? Wadzera chiyani? Ndani akumuimira pano? Ndikufuna munthu wa ku Mpingwe, womudziwa makolo ake. Ndipo anene masiku amene akhale m'dziko muno."

Ndinamasulira funso lililonse palokha, pang'onopang'ono, ndi mawu omwewo amene bwana ankawerenga papepala lake tsiku ndi tsiku. Mkati mwa mpanda anthu oyandikira khomo ankamvetsera. Ine ndinkamva kukoma kumene sindinakumvepo chiyambireni ntchito.

Bwana anatembenukira kwa Sidiki. "Lowa, umutulutse."

Sidiki anaguba mpaka pakhomo n'kuima njo. Halimatu anamulonjera mwa Chisilamu, iye n'kuyankha. Anamufunsa kuti ndi mwana wa yani, iye n'kutchula amake ndi mudzi wawo. Kenako Halimatu anapendeketsa ketulo, madzi n'kuyamba kutsika, ndipo manja a Sidiki anatambasuka okha. Anasamba. Anamasula lamba wa boma n'kumupachika pampanda, analowa, n'kukakhala pamphasa kumbuyo kwa akuluakulu. Anzake atatu aja anayang'anana, n'kufola pamzere ngati kuti ndi lamulo latsopano. Onyamula machila sanadikire kuitanidwa.

Panja tinatsala awiri, ine ndi bwana, ndi machila ali pansi.

"Kingsford, kawaitane."

"Chabwino, bwana."

Nditafika pakhomo Halimatu anakweza ketulo. "Inu ndi a mishoni, mwanangu, koma mpungawu sufunsa zimenezo. Mwana wa yani?"

Ndinatchula amayi anga, a Felicia a ku Soche. Ndinapinda manja a jekete n'kusamba.

Choncho ndinaona ndi maso anga zimene Mikaili anayendera masabata awiri. Mapemphero atatha, anamasula mtolo uja. Anagawira nsalu ana aakazi a malemu ndi zidzukulu, aliyense akumutchula dzina, ngakhale ena anali asanawaonepo. Nsalu yomaliza, yakuda, imene amake ankavala pa milandu ya mbumba, anaikweza kuti onse aione. Anaitana Halimatu kuchoka pakhomo n'kumufunditsa pamapewa.

"Amayi apumule tsopano," anatero. "Pamalo pawo pakhala achemwali angawa. Amene ali ndi mawu anene ine ndikadali pano."

Palibe amene anatsutsa. Halimatu, amene sanagwetse msozi ku ofesi kapena pakhomo, analira pamenepo, ndipo ine ndinayang'ana pansi chifukwa anga analinso pafupi.

Bwana Chidindo anaima panja maola atatu. Kubwerera wapansi ku Blantyre sakanatha, nsapato zake zinali za mu ofesi. Kulowa yekha pakati pa anthu onsewo, popanda ndi mmodzi yemwe womumvera, sanayerekeze. Halimatu anatenga mbale ya mpunga n'kukaiika pamwala pafupi ndi machila. Anati mlendo wopanda chiphaso nayenso amamva njala. Bwana sanaikhudze mbaleyo, nkhuku ndizo zinathokoza.

Dzuwa litapendeka, Mikaili anadzuka yekha. Anatsanzika shehe, anagwira chanza alongo ake, n'kutuluka. Anapereka chiphaso chotha ntchito chija kwa bwana ndi manja awiri, monga anachilandirira. Sidiki anavalanso lamba wake n'kuima pambali pake, koma chingwe chomangira akaidi sanachitulutse m'thumba, ndipo bwana sanafunse za chingwecho.

Zotsatira zake sizinali zokoma, ndisakunamizeni. Mikaili anagona m'chitokosi masiku awiri, kenako anamuperekeza mpaka ku Ruo ndi pepala loletsa kuti asadzapondenso kuno. Sanabwerenso. Anamwalira ku Kilimane patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pa sadaka yake Halimatu sanapiteko, chifukwa nawonso Apwitikizi anali atayamba kufuna mapepala. Sidiki anamutsitsa udindo. Ine anandichotsa ntchito Loweruka m'mawa, ndipo jekete lija linathera pa sukulu ya ku Naperi, kumene ndinaphunzitsa ana mpaka maso atafooka. Sindinadandaulepo.

Koma tsiku lija, machila atakwezedwa, Halimatu anatuluka mumpanda, nsalu yakuda ili pamapewa, n'kuima pakati pa njira. Onyamula anaima.

"A Kalaliki, pali funso limodzi limene ndikufunabe yankho lake. Dzina asunge, kwawo asunge. Achimwene anga anawapatsa masiku atatu, ndipo atha, akupita. Nanga iyeyu akhala masiku angati?"

Awa ndiwo mawu omaliza amene ndinamasulira pa ntchito ya boma, ndipo ndinawanena mokweza kuti ndi a kumbuyo omwe amve kuti sindinameze. Bwana anangoyang'ana kuphiri.

Halimatu anapatuka panjira n'kutola mbale yake pamwala.

"Muuzeni aganize bwino," anatero. "Ife tikuwerenga."