Mapazi a Amayi

"Ika beseni pansi, mphwanga," anatero amalume, atatsekereza khomo la kuchipinda.

Mnyamatayo sanaike. Mkatimo amayi ake, omwe anafa ziwalo mbali imodzi, ankadikira. Chiwagwereni matendawo, bambo ndiwo ankawasambitsa mapazi ndi kuwadzoza mafuta m'mawa uliwonse asanapite kokhoma mipando. Tsopano bambowo anali kumanda, sabata isanathe n'komwe.

"Nyumba ino yatsala m'manja mwako. Mwamuna wa mabeseni angamuope ndani? Mlongo wangayu ndimutenga mawa, akazi anga akamusamala."

Amalumewa zaumuna ankazidziwadi, moti ana awo omwe ankathawira kuseri akangomva chitsokomolo chawo. Komabe mawuwo anamulasa mnyamatayo. Ndi omwewo ankawamva kwa anzake, ndiponso pafoni, kwa azibambo a zifuwa zotambalala aja okalipa kuti mwamuna sagwada. Anachita mantha kuti mwina akunena zoona.

"Amayiwo mwawafunsa?"

"Wodwala safunsidwa."

"Bambo ankawafunsa. Ankati mutu wa banja ndi umene umayamba kuwerama, paja ngakhale Ambuye anamanga chopukutira m'chiuno nasambitsa mapazi a ophunzira awo."

"Zakutchalitchi izo! Anzako akuseka, udzaona. Ndipo palibe mkazi adzakulemekeze."

"Asekebe, amalume. Amayi sachoka pano. Ndipatseni njira, madzi akuzizira."

Amalume anapukusa mutu, nang'ung'udza za ana a masiku ano, kenako anasuntha. Sanapite patali, anangoima pakhomo pomwepo manja ali kumbuyo.

Mnyamatayo anaika beseni pafupi ndi bedi nagwada pasimenti. Manyazi anamugwira, pakuti sankadziwa poyambira. Amayi anamuyang'ana nthawi ndithu. Kenako, ndi dzanja lawo lamoyo lija, analoza kunsi kwa bedi.

Mnyamatayo anapisako mkono natulutsa kapilo kakale, kozimiririka maluwa, kosokedwasokedwa m'mbali ndi ulusi wokhuthala wa kumipando. Pakati pake panali maenje awiri, malo a mawondo a bambo ake.

"Simenti imadya mawondo," anatero amayi, lilime likulemera. "Mawa udzawafunanso."

Anakayala kapiloko naikamo mawondo ake. Maenjewo anamukulira.

"Udzakwanamo," anatero amayi, ndipo ananyamula mwendo wakufawo ndi dzanja lawo, naupereka kwa iye.