Ngodya Yachinayi ya Benchi ya Doña Leocadia

"Mayi, pepani, mzere ukuyambira uko," anatero bambo wina wa chisoti cha njinga yamoto, akuloza kumbuyo ndi chibwano.

Doña Leocadia anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kuchisotiko. Mzere? Pa benchi yawo yomwe? Benchi imene anakulirapo, imene malemu mayi awo anawasiyira pamodzi ndi mphika ndi chipande chomwe? Mu msika wathu wa ku Cochabamba munalibe munthu amene sankadziwa api wa Doña Leocadia, phala lija lamadzimadzi la chimanga chakuda limene timamwa m'mawa lili lotentha. Koma bamboyu anali wachilendo, ndipo achilendo otere analipo ambiri pa mzerewo.

Amuna awo, Don Hilarión, amene kale ankayendetsa minibasi, anaseka mpaka kutsokomola. Anali atavala chikhoti chachitali cha ku Italy ngakhale dzuwa linali litatuluka kale.

"Imani pa mzere, Leo, mwina akugawirani," anatero.

"Nkhalamba inu, khalani chete."

Awiriwa anali atangofika dzulo lake kuchokera ku Italy. Mwana wawo Yhoselin, amene amasamalira okalamba kumeneko, mu mzinda wa Bergamo, anabereka mapasa osakwana masiku. Ulendo unayenera kukhala wa miyezi ingapo chabe, koma ungasiye bwanji tiana tokwana m'dzanja? Ananyamuka kanivala, chikondwerero chathu chachikulu cha pachaka, atangotha, ndipo anabwera kanivala wina ali pakhomo. Nthawi yonseyi benchi anaisiya m'manja mwa Doña Bernardina, komadre wawo, amene ananyamula Yhoselin pa ubatizo. Mayi wamasiye ameneyu kale ankakazinga mandasi a tchizi pansi, kunja kwa geti la msika, kumene mvula ikabwera imayamba ndi iwe, alonda a khonsolo akabwera amayambanso ndi iwe. Pa mkono wake panali chipsera chachikulu cha mafuta amene anamutayikira tsiku lina akuthawa ndi chiwaya.

"Komadre! Mayo ine, komadre!" Bernardina anataya chipande n'kudzawakumbatira. "Mwayera bwanji! Kodi kumeneko kulibe dzuwa? Tiana tili bwanji? Khalani apa, khalani. Kompadre, chikhoticho mwalanda wansembe?"

Anawakhazika pa mpando wa makasitomala, n'kuwapatsa api ndi mandasi. Leocadia anamwa pang'ono n'kutsinzina. Madzi okhaokha! Sinamoni wongonunkhiritsa, ndimu ngati wopempha kwa aneba. Mtima wawo unakhala pansi. Kenako analuma ndasi, ndipo mtima uja unadzukanso. Linali lofufuma, lopepuka, tchizi chikutambasuka. Iwo m'moyo wawo wonse sanakazingepo lotere, ndipo ankadziwa.

Atatsala pang'ono kumaliza, Bernardina anabwera ndi chipande n'kuwawonjezera m'kapu.

"Kabasela, komadre."

Basela! Kupatsidwa basela kuchokera mu mphika wa mayi ako! Leocadia anamwetulira bwinobwino.

"Zikomo komadre, mwasunga malo. Mawa ndibwera ndi epuloni yanga."

Bernardina anayamba kupukuta tebulo pamalo pamene panali poyera kale.

"Mawa n'tsiku la makomadre, mungagwire ntchito? Pumulani kaye, miyendo iphwe. Tidzakambirana kanivala akatha."

Mawu amenewa Leocadia anawamva bwino lomwe. Kanivala satha lisanadutse Lachiwiri lothirira nthaka, pamene aliyense amakongoletsa chake, nyumba, galimoto, benchi, n'kuthira mowa pa ngodya zonse kuti Pachamama, mayi wathu nthaka, amwe ndi kumudziwa mwini wake. Chaka chatha amene anathira anali Leocadia. Chaka chino akathira Bernardina msika wonse ukuona, ndiye kuti nkhani yatha. Mapepala a komiti ya msika anganene zawo, koma anthu amakumbukira dzanja limene linagwira botolo.

Kunyumba zinthu zinali balala. Fumbi paliponse, mpope ukungotulutsa mphepo, pichesi wa pabwalo atagwetsa zipatso zake zonse n'kuwolera pansi. Galu wawo anali atasamukira kwa aneba ndipo anawauwa eni ake pa geti. Hilarión, m'malo mokonza mpope, ankangozungulira ndi kakapu kakang'ono ka khofi n'kumadandaula kuti ku Bergamo mabasi amafika pa nthawi yake.

"Bwererani mukawakwere," anatero Leocadia akukolopa.

"Ine ndikuti nkhani ya benchiyi tipite nayo ku komiti. Dzina lolembedwa ndi lanu. Mawa lomwe amuchotsa."

"Ndikasumire komadre wanga? Munthu amene anagwira mutu wa mwana wanga pa madzi a ubatizo? Kuzizira kuja kunakulowani m'mutu, eti? Benchi ndi yanga, ndipo ndiitenga ndekha, popanda kukweza mawu."

Mawa lake, Lachinayi la makomadre, tsiku limene makomadre amapatsana mphatso, Leocadia anapita kukasaka munthu wokonza mpope. Pobwera anapeza dengu lalikulu pa tebulo, lokongoletsedwa ndi maluwa ndi timapepala tamitundumitundu. Munali mapichesi, mphesa, tchizi, ndi keke pakati. Kunena zoona, munali theka la keke. Theka linalo linali m'mimba mwa Hilarión, ndipo shuga anali mbuu pa ndevu.

"Anabweretsa ndi komadre Bernardina," anatero. "Ati moni."

"Ndiye mwadya?"

"Nanga keke amaiyang'ana?"

"Mayo, bambo inu! Dengu la komadre ukalandira n'kudya, ndiye kuti pakati panu palibe nkhani chaka chonse. Ndikamuuza bwanji kuti achoke, keke yake ili m'mimba mwanu?"

"Ndiye ndadya ndine, si inu."

"M'nyumba muno mimba ndi imodzi!"

Anakhala pansi n'kuliyang'ana dengulo. Anapsa mtima, inde, komanso anagoma. Bernardina wofatsa uja, wolankhula ngati akupepesa, anali atawatchera bwino. Anatenga mpeni, n'kudula keke yotsalayo, n'kudya. Inali yokoma, ndipo zimenezi zinawawonjezera ukali.

Loweruka anapita kukagula zothirira nthaka kwa Doña Gumercinda, wogulitsa maluwa, mayi amene nkhani ikalowa m'khutu mwake siigonamo.

"Mwachedwa, Leocadia," anatero Gumercinda akuwayezera maluwa othothola. "Anzanu agula kale. Maluwa, timapepala, makombola, botolo la mowa, zonse. Ndinawafunsa kuti, kodi Bernardina, mwagula nyumba? Anangoseka."

"Agule. Ndalama ndi zawo."

"Koma makasitomala amukonda, ndisakunamizeni. Mandasi aja! Anthu akuchokera ku Quillacollo kudzadya."

"Nanga api?"

Gumercinda anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Api yekha, mwabwera bwino. Takhala tikumwa madzi otsukira mphika."

Leocadia anatuluka mu msika akuyenda ngati mtsikana. Nzeru anali atapeza kale, ndipo inali yosavuta: Lachiwiri adzafika geti likungotsegulidwa, adzathira ngodya zonse zinayi Bernardina asanatsike minibasi, kenako adzamulandira ndi chimwemwe n'kumupatsa api weniweni, ndi basela pamwamba. Palibe kukangana, palibe komiti. Munthu angakwiye chifukwa mwini wathirira benchi yake?

Lachiwiri kunacha ndi mvula yowaza. Makombola anali atayamba kale kuphulika m'makomo, utsi wa zofukiza uli tolo m'misewu. Analowera geti la kumbuyo, Leocadia patsogolo ndi nsalu ya katundu kumsana, Hilarión pambuyo ndi chikhoti chake, akudandaula kuti sanamwe khofi.

Atakhota pa mzere wa ogulitsa api, Leocadia anaima chilili.

Benchi inali itakongoletsedwa kale. Timapepala tamitundumitundu tinali lende kuchokera kudenga, maluwa atamwazidwa kuzungulira, mphika utatsukidwa mpaka kuwala, nawonso atauveka nkhata ya maluwa.

"Watiyambirira," ananong'ona Hilarión. "Mayi ameneyu amagona muno?"

Leocadia anagwada n'kugwira pansi pa ngodya yoyamba. Pouma. Anakwawira pa yachiwiri. Pouma. Zonse zinayi zinali zouma, ndipo pa tebulo panali botolo la mowa losatsegula, pambali pake makiyi a kabati. Mbaula ya mandasi ndi chiwaya panalibe.

"Eee, ndiye tawina osamenya nkhondo!" anatero Hilarión. "Thirani, Leo, tizikamwa khofi."

Amayi a mabenchi oyandikana anali atayamba kufika, ndipo onse ankayang'ana. Leocadia anatsegula botolo lija. Anathira pa ngodya yoyamba n'kutchula mayi awo. Anathira pa yachiwiri n'kutchula Yhoselin ndi tiana take. Anathira pa yachitatu, ya mphika, n'kupempha kuti chaka chino usapsereze. Benchi inali yawo ndipo panalibe wotsutsa.

Pa ngodya yachinayi anapeza bwalo lakuda la mwaye pamene pankakhala mbaula. Simenti inali itanona ndi mafuta a chaka chathunthu. Analiyang'ana bwalolo nthawi yaitali, botolo lili m'manja.

"Yatsala imodzi," anatero Hilarión.

"Ndikudziwa kuwerenga. Tiyeni."

"Kuti?"

Anatulukira geti la kutsogolo. Kunja, pafupi ndi ngalande, pamalo pake pakale, Bernardina anali atagwada pa simenti yonyowa. Mbaula anali ataiyika kale, ataifunditsa pulasitiki. Ankamwaza timaluwa totsala kuzungulira malowo, malo a khonsolo, amene sanakhalepo a munthu aliyense. Mvula inkatenga timaluwato n'kutikokolera mu ngalande.

"Komadre," anatero Leocadia, "mukutani apa?"

Bernardina anadzuka n'kupukuta manja pa siketi. "Ndikuuza nthaka kuti ndabwerera."

"Si paja munati tidzakambirana kanivala akatha?"

"Ndinatero." Anayang'ana pansi, kenako anawayang'ana m'maso. "Sindikubisirani, komadre, ndinkafuna kuthira. Ndinagula zonse. Dengu lija ndinatumiza dala kuti mukhale chete. Chaka chonse sindinanyowe, sindinathawe munthu, ndinayamba kugona tulo. Lero ndafika, ndakongoletsa, ndagwira botolo, dzanja lakana. Kasitomala ungamunamize, koma pansi paja pamadziwa mayi anu."

Leocadia sanafune kuti chisoni chawo chioneke, choncho anakalipa.

"Ndiye mwaona kuti ndi bwino mundichititse manyazi? Msika wonse uzinena kuti Leocadia wabwera ku Ulaya n'kutaya komadre wake mu ngalande, keke yake atadya?"

"Ayi komadre, ine sindinafune..."

"Komanso anthu a ku Quillacollo aja ndiwapatsa chiyani? Mandasi anga mumawadziwa. Hilarión amati ndikhoza kusokera nsapato."

"Ndinanena kamodzi kokha," anatero Hilarión.

"Inu nyamulani chiwaya."

"Ndi chikhoti ichi?"

"Nyamulani!"

Analowanso mu msika atatu, Leocadia patsogolo ndi botolo, Bernardina ndi mbaula, Hilarión atakumbatira chiwaya chamwaye pa chikhoti cha ku Italy, nkhope ili ngati wapita kumaliro. Gumercinda anasiya makasitomala ake n'kuwatsatira, ndipo amayi ena anachita chimodzimodzi.

Pa benchi, Leocadia analankhula mokweza kuti aliyense amve, asadzafunse mnzake mawa.

"Ngodya zitatu ndathira ine, ndipo ndi zanga. Mphika ndi wanga. Komadre, mphika umenewu musadzaukhudzenso, ngakhale ine nditadwala, ngakhale nditabwerera ku Bergamo. Mwazunza anthu mokwanira."

Amayi aja anaseka, ndipo Bernardina naye anaseka, misozi ili m'masaya.

"Koma apa," Leocadia analoza bwalo la mwaye lija ndi phazi, "nthaka yamwa mafuta anu chaka chonse. Ine sikundidziwanso. Gwirani."

Anamupatsa botolo. Bernardina analigwira ndi manja awiri, n'kuyang'ana amayi onse aja, n'kuyang'ananso Leocadia ngati akufunsa ngati wamva bwino.

"Thirani msanga, komadre, mafuta sanatenthe ndipo anthu abwera pompano."

Bernardina anagwada. Anakwinya dzanja la juzi, chipsera chija chili poyera, n'kupendeketsa botolo pang'onopang'ono. Mowa unayenderera pa mwaye uja n'kulowa mu mng'alu wa simenti, ndipo sanasiye kuthira mpaka botolo linatha.