Sopo Woluma wa Nathovu

Inu amene munapita kusukulu, tandiyankheni: ndi chiyani chimaluma koma chilibe mano, chimachita thovu koma si galu wachiwewe? Mwalephera? Ndi sopo wa mwana wa mchimwene wanga, amene timamutchula kuti Nathovu.

Nathovu amapanga sopo wosambira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Tsiku lina mwini saluni, kasitomala wake wamkulu, anabwera kudzabweza katoni yonse ya sopo. Manja ake anali atasupuka ngati njoka yofundula.

"Sopo wako akutidya, mayi. Ukapanda kumukonza, ndikagula kwina."

Nathovu anakhala pa ndowa. "Azakhali, ndisiye kodi?"

"Usiye uzidya thovu?" ndinatero ine.

Mwamuna wake, amene ndimamutcha Ndazidziwakale, anatulukira atapisa manja m'matumba. "Khungu la mayi uja ndi laulesi. Muyezo ndinaika ndine: makapu awiri a kositiki, mankhwala opangira sopo aja, kuwonjezera pang'ono wa chikondi."

"Chikondi chanu chikusenda anthu, akamwini," ndinawauza.

Nathovu sanagonje. Anatenga sopo mmodzi n'kupita kwa aneba athu, mayi amene amagwira ntchito yoyeza zinthu ku fakitale ya mafuta odzola. Ine pambuyo, poti zaulere sizindiphonya.

Mayiwo ananyowetsa sopoyo, n'kugunditsa kapepala kakang'ono koyezera ukali wa sopo pa thovu. Kanasintha mtundu pompo.

"Kositiki wachuluka, mwanawe. Umayezera chiyani?"

"Kapu ya tiyi."

"Kapu ilibe chilungamo, lero yadzaza, mawa yasefukira. Pamafunika sikelo. Nanga sopo umamusunga nthawi yaitali bwanji usanagulitse?"

"Akangouma basi."

Mayiwo anagwira pakamwa. Kenako anatifotokozera kuti iwo ndi membala wa bungwe la akatswiri a sayansi ya zodzola. "Timakumana, timagawana zimene tapeza pofufuza, timathandiza polemba malamulo oteteza khungu la anthu. Timaphunzitsanso opanga ang'onoang'ono ngati iwe. Loweruka ubwere."

Nathovu anapita maulendo atatu. Anabwerako ndi sikelo, magolovesi, timapepala tija ndi kope lolembamo miyezo. Sopo watsopano anamuyala pa shelefu masabata anayi, osamukhudza. Mwamuna wake ankazungulira ngati mphaka, koma kiyi wa kachipindako anali m'thumba mwanga. Chitsanzo chitayezedwa, chinapambana.

Mwini saluni anasambira sopo watsopanoyo sabata yathunthu, n'kubwera kudzatenga makatoni awiri, anzake atatu ali m'mbuyo.

Mverani ine wosaphunzira: chimene munthu adzadzole pathupi sichiyezedwa ndi maso. Funsani akatswiri a bungwe, phunzirani, yezetsani musanagulitse. Kufunsa si umbuli.

Tsiku lomwelo Ndazidziwakale anaima pakhomo, chifuwa patsogolo, kuuza makasitomala aja kuti, "Zonsezi ndi mutu wanga uwu. Ngakhale a bungwe aja amabwera kudzakopera kwa ine."

Sanaone kuti aneba aima kumbuyo kwake.

"Zikomo aphunzitsi," anatero mayiwo, akumupatsa kapepala ndi sopo. "Tationetsani mmene mumayezera."

Munthu wamkulu anakatembenuza kapepalako uku ndi uku. Anakanunkhiza. Anakayang'anitsa padzuwa. Kenako anakanyambita, n'kukamata pa sopo ngati sitampa ya kalata.

"Wakhoza!" analengeza.

Mwini saluni anaseka mpaka anakhala pa katoni. Ine mpango unagwa, ndipo sindinautole msanga.