Sinki ya Chipinda Chachinayi

Koma madzi a wudhu, odziyeretsera pokapemphera, angadwalitse munthu? Faridah ankakolopa malo amodzimodzi kachitatu, maso ali m'chipinda chachinayi, momwe a Donald, oyendetsa makina a pulazima, anawerama pa sinki ndi kathonje m'manja. Makinawo amapuma kampweya kowala ngati lawi la gasi, kopha tizilombo tomanga ndere pazitsulo za chipatala, ndere yosaoneka, yokana sopo. Lachiwiri anawayendetsa chipinda chonse, n'kumata pepala pachitseko loti asalowe munthu.

Tsiku lomwelo Faridah analowa. Nthawi ya swala ya masana inkatha, kubafa la antchito kunali mzere, ndipo sinki ija, abale, inali yoyera kuposa malo aliwonse mu Cape Town muno. Anasamba m'manja, anachukucha m'kamwa katatu n'kulavulira momwemo, anakweza phazi lomwe m'mawa linaponda matope a komwe ankakhala ku Mfuleni — mphindi ziwiri basi, osati zitatu — n'kutuluka ali woyera pamaso pa Mulungu. Madzulo ake anagonekamo mayi wochokera ku opaleshoni. Lero Lachisanu bala la mayiyo likuchucha mafinya, thupi lili moto.

Mwina anabwera nato tizilombo take mayiyo. Mwina a Donald anathamangitsadi ntchito, si amakonda kucheza iwo aja? Ayi, bodza, anawaona yekha akuyendetsa makina pang'onopang'ono mpaka thukuta. Nanga chomuyeretsa iye chingadetse bwanji chitsulo? Mutu wake unkakana, m'mimba mukuvomera, ndipo ankachita mantha, mantha enieni, poti wa mapepala otha ngati iye akachotsedwa pano alowera kuti?

A Donald anadzaima pakhomo, nkhope itagwa.

“Sisi Faridah, akuti ndine ndinalakwitsa. Lolemba ndisabwere.” Anatero m'Chichewa chawo cha ku Harare. “Inu mumakhala pakhonde pano. Analowa munthu muno?”

M'chipindamo mayi uja anabuula, kuitana dzina la mwana wake, ndipo pampope wa sinki dontho linkatupa, kutupa, osagwa.

“Muno?” anatero Faridah.

A Donald ankadikira. Iye anayang'ana pansi, pomwe anakolopa katatu paja, ndipo pasimenti yonyowayo, kuchokera pachitseko mpaka pamene anaima, panali mapazi ake okhaokha.