Maovololo a Kumgodi

Tsiku limene atelala ankakwera basi kupita kunja kukafuna ntchito, akazi awo anawagwira mkono pasiteji n'kulumbira: "Pitani bwino, bambo ake. Patebulo lanu lodulira nsalu palibe adzaimepo, sizasi yanu palibe adzaigwire. Mudzazipeza." Nthawiyo shopu inali kachipinda kamodzi ka makina awiri opalasa ndi mwendo, ndipo ntchito ya mayiwo inali kusokerera mabatani ndi kusita.

Atelala ankati akakhala kunjako zaka zitatu. Zinakwana makumi awiri.

Pobwera, msewu wawo womwe unawasokoneza. Pamene panali kachipinda paja panali pataima nyumba yosanja, mkatimo makina amagetsi makumi anayi akulira ngati njuchi, pamakina aliwonse pali mzimayi. Mlonda wa pageti anawafunsa kuti akufuna ndani. Akazi awo aja, amene kale sankasankha ngakhale mtundu wa ulusi osafunsa, tsopano anali abwana a mafoni awiri, akuchita malonda ndi mayiko omwewo amene atelala anakathera mphamvu zawo akutsuka mbale kuseri kwa mahotela.

Koma lonjezo analipeza. Pakona panali tebulo lija, sizasi ili pamsomali, yopaka mafuta. Mwana wawo wamkazi, amene anamusiya akukwawa, ndiye ankadula nsalu za fakitale yonse patebulo lina, ndi mpeni wamagetsi.

"Ndiyamba Lolemba," anatero atelala.

"Pumulani kaye, bambo ake. Zinthu zinasintha."

"Chinasintha n'chiyani? Munthu miyendo ikadali iwiri."

Lolembalo m'fakitale munali piringupiringu ndi oda yaikulu, maovololo mazana atatu a kampani ina ya mgodi. Atelala anaumirira kuti mpukutu woyamba wa nsalu ubwere patebulo pawo. Mwana wawo anawapatsa patani yodulidwa pakatoni.

"Ababa, muzingotsata mmene iliri. Musasinthe kalikonse."

Atelala analandira patani ija. Anaiyala pansalu n'kutsonya. Mapewa opapatiza, m'chiuno motakasuka, miyendo ndi manja zazifupi. Ndi izi zophunzira pakompyutazi! Iwo anasokapo maovololo a anthu a kumgodi mwanayu asanamere mano, ndipo mwamuna wa kumgodi amakhala ndi mapewa ngati chitseko. Anatenga choko n'kuyamba kukonza: mapewa anakulitsa, m'chiuno anapanikiza, manja anatalikitsa. Madzi saiwala khwawa. Sizasi inkayenda yokha, khwe khwe khwe, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni anamva kuti afikadi kwawo. Pofika masana mpukutu wonse unali zidutswa, zala zili ndi matuza, mtima uli mbee.

Mzimayi wa pamakina oyamba anasoka ovololo imodzi, anaitambasula m'mwamba, n'kutuma kuti akaitane abwana.

Abwana anabwera foni ili kukhutu. Anaidula. Anayang'ana ovololoyo, kenako mulu wa zidutswa.

"Izi mwadulira ndani?"

"Amuna a kumgodi. Patani yanuyo inali yolakwika, ndakukonzerani."

Makina anayamba kuzima amodziamodzi.

"Kumgodi kumeneko oyendetsa magalimoto a miyala ndi azimayi, bambo ake. Anatopa ndi kuvala zodulira amuna, m'chiuno mothina, manja akulendewera mpaka kukodwa m'zitsulo. N'chifukwa chake oda anatipatsa ife. Patani imene mwakonzayo ndinapita kukayeza ndekha, munthu mmodzimmodzi."

"Azimayi kumgodi? Nanga amuna awo ali kuti?"

"Kunja!" linatero liwu kumbuyo kwa mizere. "Akutsuka mbale!"

Chiphwete chinayenda m'chipinda chonse.  Atelala anamenya tebulo ndi chibakera mpaka choko chinagwa pansi n'kuthyoka.

"Shopu ino ndinayambitsa ndine! Iwe ndinakusiya ukusokerera mabatani!"

"Munandisiyadi," anatero abwana osakweza mawu. "Mabatani omwewo ndi amene analera mwanayu, ndi amene anamanga nyumba mwaimamoyi. Makalata anu anasiya kubwera chaka chachinayi."

"Unalumbira pasiteji."

"Ndinalumbira. Msomali uwo ndaupukuta fumbi zaka makumi awiri, pamene malo a tebuloli akanakwana makina atatu. Nsalu iyi imayenda milungu isanu pasitima yapamadzi. Oda ikufunika Lachisanu, ndipo azimayi onsewa ana awo amadya pano. Tsopano ndikawauze chiyani a kumgodi? Kuti amuna anga abwera?"

Atelala anacheukira mwana wawo, poti mwina magazi alankhula. Iye anali atawerama kale pamulu paja ndi tepi, akuyeza ngati m'zidutswa zazikulu mungatuluke matumba ndi makolala.

"Ababa, tasunthani pang'ono," anatero osadzutsa mutu. "Mwaponda nsalu."

Lachiwiri atelala anafika seveni isanakwane, atavala tayi, tepi ili m'khosi. Pamsomali panalibe kanthu. Patebulo lawo panali pataima mwana wawo akudula matumba, sizasi ija ili m'manja mwake.