Ndinkamupatsa asanapemphe

Mwana wanga anakwanitsa zaka ziwiri akutchula liwu limodzi lokha: "ma". Madzi anali "ma", nsapato "ma", ngakhale bambo ake anali "ma". Mwana wa aneba, wochepa kwa iye ndi miyezi itatu, anali atayamba kale kukalipira galu momveka bwino.

"Mlamu, musadandaule," mchemwali wa amuna anga ankatero akuseka. "Watengera bambo ake. Iwonso pokufunsirani ankangoloza."

Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkaopa kuti mwana wanga sadzalankhula.

Tsiku la sikelo ndinawauza anamwino. Anamuyeza makutu n'kupeza kuti akumva bwinobwino. Kenako anatikhazika pa benchi m'kachipinda kawo.

"Khalani ngati muli kunyumba," anatero. "Ine ndikulemba zanga."

Mwana anayang'ana chikwama changa, ine ndinatulutsa botolo la madzi n'kumupatsa. Anakanda mwendo, ndinamuvula sokosi. Anatembenukira kuzenera, ndinamunyamula kuti aone panja.

Anamwino anaika cholembera pansi. "Amake mwana, mwamuchitira zinthu zitatu osanena kanthu. Iyeyu alankhulirenji, poti zonse zikubwera asanapemphe?"

Ndinachita manyazi. "Ndimaopa kuti alira."

"Simunalakwe pomusamala chonchi. Koma akatswiri ofufuza za ubongo wa ana anapeza kuti pa zaka zoyambirirazi ubongo umakula mofulumira kwambiri, ndipo umalimba mwana akamacheza ndi munthu wamkulu mopatsana mpata. Iye akaloza chinthu, inu muchitchule dzina, kenako mudikire kuti naye ayese. Muwerenge mumtima mpaka kasanu. Akatulutsa kaphokoso kalikonse, muyankheni. Akapanda kutero, mupatseni basi, si mayeso ayi. Mubwerenso pakatha miyezi iwiri. Tikaona kuti palibe kusintha, tidzakutumizani kwa adokotala."

Kudikirako n'kumene kunandivuta. Dzanja linkanyamuka lokha ndisanafike n'komwe pa kawiri, moti masiku ena ndinkachita kulikhalira. Kulankhula nakonso kunkandichititsa manyazi. Potsuka mbale ndinkati, "Iyi ndi supuni. Supuni yalowa m'madzi. Yatuluka."

"Mayi, mwatsegula wailesi yanuyanu?" anafunsa bambo ake ali pakhomo.

"Bwerani mukhale mtolankhani wachiwiri," ndinawayankha.

Loweruka ndinawapeza akukonza njinga, akumuuza mwana mwaulemu kuti ichi ndi tcheni, ndipo tcheni chimenechi n'chamwano.

Milungu inayi inatha popanda liwu latsopano. Ndinayamba kukayika. Sabata yachisanu, ndikuyanika zovala, chopanira chimodzi chinandipulumuka. Mwana anachiloza.

"Chagwa," ndinatero. Manja ndinaika kumbuyo. Kamodzi. Kawiri. Katatu.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso pansi. "Gwa."

"Eya, chagwa."

Anapita pomwe panali kabeseni ka zopanira n'kuyamba kutaya chimodzichimodzi, chilichonse "gwa". Sindinamuletse. Ndinakhala pansi pomwepo, zovala zonyowa zili pamwendo, n'kumayankha mpaka kabeseni kanatha.

Pamene tinkabwerera kwa anamwino, anali akutchula mawu oposa makumi awiri, ndipo anali atayamba kulumikiza awiri: "tata bwera".

Amayi anzanga, mwana amaphunzira kulankhula tikamalankhula naye n'kumupatsa mpata woyankha. Tchulani zimene akuona, dikirani pang'ono, muyankheni. Mukaona kuti akuchedwa, pitani naye kuchipatala msanga, musamangodya mutu muli m'nyumba ngati mmene ndinachitira ine.

Liwu limene wanga amalikonda kwambiri masiku ano ndi "ayi". Ndimalimva tsiku lonse, ndipo sindinatope nalo.