Njinga Yopanda Mapedulo

"Iyi ndiye musaiike pamphasa, ndatenga kale," anatero Fackson atagwira chishalo cha njinga.

Dailesi anali pakhonde akuyamwitsa mwana, m'mutu mukumuyabwa ndi lumo la dzulo pa kumeta. Pabwalo abale ankagawana zovala za bambo ake, malemu a Ezekiele. Mwa mwambo, katundu wa mwamuna amapita kwa ana a mlongo wake, ndipo Fackson ndiye anali wamkulu mwa iwo. Palibe anatsutsa.

Koma njingayo sinali ya a Ezekiele, ndipo pabwalo ponsepo ankadziwa zimenezi ndi Dailesi yekha.

Nkhondo itakula ku Mozambiki, ambiri anathawira kukampu ya Luwani, koma ena anangolowa m'midzi, opanda khadi ya chakudya, opanda ya chipani. Akadwala ankaopa njira ya kuchipatala ku Lisungwi, poti pamsika ayufi ankaimitsa aliyense kumufunsa khadi ya chipani. A Ezekiele ndi anzawo ochepa a kumpingo anayamba kuwaperekeza, n'kumawalankhulira kuchipatala ndi kumaofesi. Akhristu ena a kunja atamva, anatumiza thandizo kudzera mwa wansembe, ndipo ndi limene linagula njinga. Wansembeyo anachenjeza kuti gulu losadziwika kuchipani, lolandira za kunja, limakathera kundende. Choncho njinga inatchedwa ya a Ezekiele.

Tsopano amene anaigwira anali wapampando wa ayufi, malaya ofiira ali m'thupi. Dailesi akanena zoona, ndiye kuti wapereka anzawo a bambo ake. Akakhala chete, odwala aziferanso m'nyumba.

"Asuweni," anatero akusintha mwana bere, "njinga yopanda mapedulo muikwera bwanji? Kapena muzikhala pamwamba alamu azikankha?"

Amayi ena anaseka mobisa nkhope m'zitenje.

"Ukankha ndiwe, suja ndiwe mkazi wanga wachisuweni? Mapedulo ndigula. Malume analinso munthu wodabwitsa. Njinga yatsopano, kuchotsa mapedulo ati amapweteka miyendo, n'kumayenda pansi ngati akutsogolera ng'ombe kudibi."

Ndi pomwe Dailesi anaona mayi wina ataima kuseri kwa nkhokwe. Anali Callista, wothawa nkhondo amene ankakhala kutsidya kwa khwawa. Maso ake anali pamalaya ofiira. Dailesi anapita ngati akukataya madzi.

"Amuna anga, mwendo watupa mpaka m'chiuno, sakuponda," ananong'ona Callista. "Koma ndaona, ndabwera tsiku loipa. Ndibwerere."

"Mubwerere kukatani? Kukawayang'ana? Dikirani pompa."

Dailesi anabereka mwana, anamanga chitenje molimba, nakagwira chiwongolero.

"Ndibwerekeni."

"Upita nayo kuti?"

"Ku Lisungwi."

"Ndi yani?"

"Ndi wodwala."

"Ali ndi khadi?"

"Ali ndi mwendo wotupa."

Amene ankayesa jekete la malemu analivula pang'onopang'ono. Fackson anayang'ana kunkhokwe, kenako anakokera njinga ndi Dailesi yemwe pansi pa mtengo wa mango.

"Ukundiyesa wakhungu eti?" anatero motsitsa mawu. "Malume akamafika pamsika ndi anthu awo ankandipatsa moni ali patali, mokweza, kufunsa za amayi, za mbuzi, za nkhuku, mpaka atadutsa. Munthu ungawafunse khadi anthuwo, malume ako akukufunsa za mayi ako?"

"Ndiye mukuifuniranji?"

"Ndikuifunadi. Mbatata zanga zikuwolera kumunda, mutu wandithera dazi n'kusenza."

"Mbatata zikawola mudzala zina."

Fackson anapukuta fumbi pabelu ndi chala.

"Ndani anaigula?"

"Mukufunadi ndikuuzeni, mutavala malaya amenewo?"

Anadziyang'ana pachifuwa, n'kupuma mozama. Atabwerera pabwalo analankhula mokweza, mwina kuti ndi wa kunkhokwe yemwe amve.

"Mwamva nonse, njinga ndi yanga. Wofunsa azifunsa ine. Koma izigona pano mpaka nditapeza mapedulo."

"Mapedulo akusowa masiku ano, asuweni," anatero Dailesi.

"Akusowa kwambiri."

Kutsidya anapeza mwamuna wa Callista atagona pakhomo, milomo itauma. Anamunyamula awiriwiri, namukhazika pathabwa limene malemu anakhomera pakaliyala. Dailesi anagwira chiwongolero ndi manja onse n'kuyamba kukankha. Njinga inali yolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo pa chitunda choyamba wodwalayo anapendekeka, nabuula.

"Osati choncho," anatero Callista.

Anachotsa dzanja lamanja la Dailesi pachiwongolero, naliika pamsana pa mwamuna wake.

"Madala, bambo anu, ankawongolera ndi dzanja limodzi. Linalo linkakhala apa njira yonse. Akatero ankamufunsa munthu za kwawo, kuti aiwale kuti akumva kuwawa."

Dailesi anamva kutentha kwa thupi la munthuyo m'chikhatho. Anakankha, njinga inayenda mowongoka.

"Bambo," anatero, "kodi kwanu ndi kuti?"

Munthuyo anatsegula maso, nayamba kutchula dzina la mtsinje.